Mapulamu a Milisav

Radojka ankasenda mbatata pakhonde pang'onopang'ono, makoko akugwera m'beseni. Bini yabulauni imene khonsolo inagawa kuti aziponyamo zotsala za chakudya inali italandidwa. Mwamuna wake, Milisav, anaidzaza zipatso za mapulamu kuti zivunde, adzatcheze rakiya, kachasu wake wa chaka chonse.

"Bini yotseka bwino chonchi n'kumaponyamo makoko? Boma silidziwa zinthu," ankatero Milisav.

Ndi mmene analili. Koma Radojka sanaiwale kuti chaka chatha, pa Slava, phwando la woyera wa banja lawo, rakiyayo anagoneka Milisav m'ngalande alendo akuona.

Lole ya khonsolo inaima pageti. Munatsika Tijana, mtsikana woyenda m'makomo kuphunzitsa za manyowa ochokera m'mabini, othira maluwa a kupaki.

"Amalume a Milisav, bini yanu ili kuti?"

"Ilibe kanthu, mwanawe. Kuno chakudya sititaya."

Radojka, osadzutsa mutu, analoza ndi mpeni kuseri kwa khola la nkhuku.

Tijana atatsegula chivundikiro, fungo linamuwomba kumaso. Analidziwa, poti agogo ake nawo amatcheza. Anayang'ana Radojka. Radojka anayang'ana mbatata.

"Eee, amalume, kudzichepetsa kumeneku!" anafuula Tijana. "Msewu wonse uno palibe wadzaza ngati inu. Zayamba kale kuwola! Anthuni, bwerani mudzaone chitsanzo!"

Aneba anatulukira pamipanda. Tijana anamuimika Milisav pambali pa bini n'kumujambula, akuti nkhope yake ikhala pachikwangwani cha kumsika. Milisav akanati chiyani, anthu akumuwombera m'manja? Anamwetulira ngati wopondedwa chala m'tchalitchi, uku lole ikumeza mapulamu ake.

"Milisav!" anakuwa Vukašin, neba wake, atakoleka zigongono pampanda. "Maluwa a kupaki aledzera chaka chino!"

Lole itapita, Milisav anakhala pa sitepe, manja m'mutu.

"Iwe Radojka, wangokhala duu, katundu wanga akupita?"

Radojka anamaliza mbatata yotsala. Ananyamuka ndi beseni, nakhuthulira makoko m'bini yopanda kanthu ija, n'kutseka chivundikiro bwinobwino.

"Chaka chino pa Slava ukhala pampando, udula buledi ndi alendo ngati mwini nyumba," anatero. "Ndatopa kukutola m'ngalande. Ndipo biniyi ndi yanga."