Sutikesi ya Kabwereke

Mlongo wanga wamng'ono tinkamutcha Kabwereke, chifukwa ukamugwira ndi chinthu chako ankangoti, "Ndangobwereka." Kubweza kwake ndiye kudikira dzira kuti limere nthenga. Atalowa usilikali wa pamadzi tinaseka mpaka nthiti kuwawa, poti munthu wake ankachita kukokedwa kuti akasambe. Nkhondo itafika chaka chachiwiri, sitima yawo inaphulitsidwa pakati pa nyanja. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo thupi lake silinapezeke.

Onse ankalira maliro, koma ine chinkandidya ndi china. Tsiku lonyamuka ndinamupeza akupisa m'chikwama changa, ndiye ndinamulalatira pakhomo, aneba akumva: "Pita, mbava iwe, usabwerenso!" Moyo wake wonse mwana ameneyu sanandimverepo, koma apa pokha anamvera. M'makalata ankapereka moni kwa amayi, kwa abambo, ngakhale kwa galu, ine osanditchula. Ndinkafuna kudziwa ngati anamira akadali nane chakukhosi.

Patapita miyezi itatu, tsiku lina masana kunabwera bambo wamfupi wa zipsera zamoto padzanja, atasenza sutikesi yachitsulo. Anati anali wophika pa sitimayo, mmodzi mwa ochepa amene anapulumuka, ndipo sutikesiyo Kabwereke anaisiya kumtunda, kukampu. Tinaiika patebulo pabalaza, abale ndi aneba n'kuizungulira. Amalume anavula chipewa, nayamba kulankhula za ngwazi yofera dziko, mwana woleredwa bwino, wosasirira za eni. Abambo anatopa nazo, anathyola loko ndi pulayala.

Pamwamba penipeni panali tochi yasiliva.

"Aa! Tochi yanga iyi!" anakuwa amalume, za ngwazi zija zitathera m'malere. "Ndinakwapulira mwana wanga tochi imeneyi!"

Pansi pa tochi panali sizasi ya azakhali, imene kusowa kwake kunawachotsetsa ntchito kwa telala. Abambo anasolola lamba wawo wachikopa, Kabwereke atauboola mabowo ena atatu ndi msomali. Munatuluka belu la njinga ya aneba, magalasi a agogo amene anawafunafuna mpaka tsiku la imfa yawo, ndi chitsekero cha ketulo yathu, imene tinakhala tikuivundikira ndi sosala zaka zinayi. Chitsekero cha ketulo, kunkhondo! Ankati akagenda nacho adani?

Amayi anapeza masipuni awo awiri a paukwati. Anaseka koyamba chimvereni uthenga uja, kuseka kogwira m'mimba, misozi ili chuchuchu. "Mwana wanga wakubayo," ankatero, akupukuta sipuni ndi nsonga ya diresi.

Ine ndinapisa mpaka pansi. Ndinakutumula masokosi, ndinafufuza m'matumba a mathalauza, ndinagogoda sutikesiyo chozondotsa. Aliyense pabalazapo anali atagwira kake, ngakhale aneba. Changa munalibe, ngakhale kabatani. Zinandipweteka kuposa tsiku la uthenga. Mbava imene inabera nyumba yonse inandiona ine wosayenera ngakhale kuberedwa.

Ndinatuluka kukakhala pakhonde. Wophika uja ananditsatira, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Pepani, kodi inu ndinu achemwali ake aja olongolola?"

"Anakuuzani choncho?"

"Tsiku ndi tsiku. Anali ndi juzi yofiira, yachizimayi, ya mabatani a timaluwa. Ankaivala mkati mwa yunifomu. Tikamuseka ankati, 'Ya achemwali anga iyi. Akadzaiona andipha, ndiye bola adaniwa.'"

Ndinagwira pakamwa. Juzi imeneyo ndinaivala kawiri kokha. Itasowa ndinanamizira mayi wa nyumba yoyandikana nafe kuti anaianula pachingwe, ndipo mpaka tsiku limenelo tinali tisakupatsana moni.

"Ili kuti?" ndinafunsa.

Wophikayo anayang'ana mu kapu yake. "M'mawa umene sitima inamira kunkazizira kwambiri, achemwali. Ndinamuona pa mzere wa tiyi, kolala yofiira ikusuzumira pakhosi."

"Inkamukwana?"

"Manja a juziyo ankamuthera m'zigongono."

Mkati amalume anali akuyesa tochi yawo, akudandaula kuti mabatire anatha. Ine mphuno inali itayamba kale kuchucha.

"Chitsiru," ndinatero. "Bwenzi atatenga yakuda ija. Ndi yaikulu, komanso ndi yotentha."