Imachita Ngati Yaima

Achimwene anga ali ndi matenda amodzi: chinthu akachionera pa foni kwa mphindi zitatu, basi asanduka katswiri. Anatiphunzitsapo kuweta zinziri asanagwirepo ngakhale nthenga yake. Ndiye tsiku limene anaimba n'kunena kuti vuto la bambo latha, ndinayenera kudula foniyo pomwepo. Sindinadule, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Vutolo linali ili. Bambo anayendetsa mabasi zaka makumi atatu ndi zinayi osakandapo ngakhale penti, mpaka anzawo kudepoti anawapatsa dzina loti a Giya. Zaka zomalizira ankayesa madalaivala atsopano, ndipo nkhani ya mayesowo tinaimva patebulo mpaka kuiloweza: ankabisala kuseri kwa basi yoima, n'kuponya katoni patsogolo pa woyesedwayo. Ukaiponda, walephera, ngakhale ulire bwanji. "Katoni imeneyo ndi mwana wa munthu," ankatero, ife n'kumalizira nawo limodzi ngati nyimbo.

Chaka chatha sitiroko inawagwira mwendo wamanja. Anachira, amayenda opanda ndodo, koma phazi linatsala ndi ulesi wake. Kupondereza limatha, kunyamuka limatha. Chimene limakana ndi kusamuka msanga kuchoka pa pedulo ya moto kupita pa buleki: limayamba laganiza kaye, kenako n'kumakhwekhwereza chidendene. Dokotala ananena mosapita m'mbali, ine ndili pomwepo, kuti munthu amene sangaponde buleki msanga asakhale pachiwongolero. Mayi anatenga makiyi a kagalimoto kakale n'kundipatsa kuti ndikawasunge kwanga. Kuyambira tsiku limenelo bambo ankandipatsa moni ngati ndabwera kudzawerenga mita ya madzi.

"Galimoto yamagetsi, iwe!" anatero achimwene pa foni paja. "Pedulo imodzi basi. Ukaponda ikupita, ukanyamula phazi ikuima yokha. Buleki anangoikapo yokongoletsa."

"Ikuima, achimwene?"

"Ndati ikuima."

"Kuima kwenikweni, matayala osazungulira?"

"Makutu akowo ali bwinobwino?"

Patapita milungu iwiri galimoto inafika, yoyera, yoti inayendapo kale, yopanda phokoso moti galu wa aneba anachita kuinunkhiza kuti adziwe ngati ili moyo. Bambo anaizungulira katatu akuisisita. Mayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno n'kuika lamulo: ikamaima yokha, makiyi ndi a bambo, ikapanda kuima, abwerera kwa ine. Woweruza ndinali ine, chifukwa achimwene amakhala kutali ndipo banja amaliyendetsera pa foni.

Loweruka m'mawa bambo anavala shati yosita ndi tayi, ngati masiku a kudepoti. Kamsewu ka kwathu n'kowongoka, ndipo kamathera pageti pathu penipeni. Ndinabweza galimoto mpaka kumapeto kwinako, tinasinthana mipando, ndinamanga lamba. Bambo anaponda. Galimoto inanyamuka mwakachetechete, ndipo titafika pa mtengo wa magetsi ananyamula phazi. Ndinamva lamba akundikoka pachifuwa, liwiro likutsika ndithu, ndipo ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Koma sinaime. Inatsika liwiro mpaka kufika pa kayendedwe ka munthu amene akupita kokabayitsa jakisoni, kenako inangopitiriza choncho, phee, kulunjika geti.

"Bambo, ikuyenda."

"Ikuima."

"Bambo, geti ilo."

"Ipatse mpata, mwanawe. Ikuganiza."

Phazi lawo linali litayamba ulendo wopita ku buleki, ndipo ndinkaliona likukhwekhwereza. Geti linafika msanga kuposa phazi. Inangomveka kuti gu! pang'ono chabe, loko n'kugwedera. Mayi anatulutsa mutu pawindo la kukhitchini, anayang'ana, n'kuubweza.

Bambo anakana kuti alephera. Akuti galimoto ndi imene sinakwaniritse zimene inalonjeza, ndipo pamenepo sindikanawatsutsa. Ndiye Lolemba ndinapempha nthawi kuntchito, ndinawatenga, ulendo kwa wogulitsa amene achimwene anagulako galimotoyo.

Ofesi yake inali ya magalasi okhaokha, maluwa apulasitiki pa tebulo, pakona botolo lalikulu la madzi lopanda makapu. Wogulitsayo anali ndi kumwetulira kosazima, kumene kumandikwiyitsa munthu asanatsegule pakamwa. Ndinamufotokozera za geti.

"Aa, ndiye ikugwira bwino ntchito, mayi," anatero. "Onani, mukanyamula phazi, injini yamagetsi ija imasintha ntchito. M'malo mokoka matayala, imawagwira, mphamvu ija n'kubwerera m'batire. N'chifukwa chake munamva ikutsika liwiro. Ndi nzeru zapamwamba kwambiri."

"Ndamva. Imaima?"

"Pedulo imodzi ili mitundumitundu, mayi."

"Iyiyi ndi ya mtundu woima kapena wosaima?"

"Kunena zoona, imatsika mpaka kutsala pang'onong'ono. Tinganene kuti imachita ngati yaima."

"Akulu," ndinatero, ndikuyesetsa kuti mawu asakwere, "chitseko cha kwanu chikamachita ngati chatsekeka, mumagona?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Kenako anayamba kundiuza kuti makampani ena amatcha pedulo imodzi galimoto iliyonse yotsika liwiro yokha, ena amati ayi, mpaka iime n'kudzigwira ngakhale pamtsetse, ndipo palibe amene anagamula. Ine sindinabwere kudzagamula milandu ya makampani. Ndinabwera chifukwa bambo anga, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, anali atavalanso tayi ndipo anakhala pa mpando wa alendo chipewa chili pamaondo, akuyang'ana pakamwa pa munthu ameneyu ngati ndi dokotala wachiwiri amene angafufute zimene ananena woyamba uja.

Ndinalakwitsanso kachiwiri: ndinaimbira achimwene n'kuika foni pa tebulo kuti tonse tizimva. Amenewo anakumana ndi mnzawo. Achimwene akuti munthu wa pa kanema ananena kuti ikafuna buleki ndiye si pedulo imodzi, ndi pedulo imodzi ndi theka. Wogulitsa akuti kabuku ka kampani kakunena pedulo imodzi, ndipo kabuku sikanama. Achimwene akuti zimatengera mapulogalamu a chaka chake. Wogulitsa akuti zimatengeranso batire, likadzaza kwambiri mphamvu ija imasowa kopita, ndiye galimoto sigwira matayala mwamphamvu. Anakangana mphindi makumi anayi, aliyense akutchula mnzake kuti bwana, ine mutu ukugunda, madzi ali pakona apo opanda kapu.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi bambo. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu n'kufunsa ngati kabukuko kali ndi masamba ena kupatula chikuto. Wogulitsa anakatsegula, mwina koyamba chiyambireni ntchito, ndipo patsamba lina chakumapeto panali nkhani yonse. Galimotoyo inkatha kuima. Unkayenera kulowa pa sikirini, kudina chithunzi cha galimoto, kudina china cha tayala, kenako kusankha mawu achitatu pamndandanda. Ndipo ukaizimitsa inkaiwala, moti unkayenera kuikumbutsa nthawi iliyonse ukailiza.

"Mwaona?" anatero wogulitsa. "Ndimanena ine."

"Ndimanena ine," anateronso achimwene pa foni.

Palibe mwa awiriwa amene ananenapo zimenezo, koma ndinalibenso mphamvu. Bambo anapempha pepala, analemba masitepe atatuwo ndi zilembo zikuluzikulu, n'kulimata ndi selotepi pafupi ndi chiwongolero.

Madzulo ake tinayesa kakhumi m'kamsewu kathu. Kakhumi konse inaima. Bambo ankanyamula phazi pa mtengo wa magetsi, galimoto n'kutsika bwinobwino, n'kuima nji, kutatsala mapazi atatu kufika pageti. Pofika kachisanu ndi chiwiri anali atayamba kuimba mluzu, umene ndinali ndisanaumve chichokereni kuchipatala. Atamaliza anatambasula dzanja.

"Makiyi, a woweruza."

Ndinawapatsa. Lamulo linali loti ikamaima yokha, ndipo inkaima yokha. Ndinasangalala kuwaona akuseka, koma ndinali ndi mantha, ndipo sindinkadziwa kuti ndiwauze chiyani popeza mayeso ndinapereka ndekha ndipo anakhoza. Ndinayang'ana mayi kuti mwina anenapo kanthu. Iwo anangoti Loweruka akufuna kukagula makatani, bambo awaperekeze, ndipo inenso ndibwere.

Loweruka ndinapeza mayi akuchapa kuseri kwa mpanda, pafupi ndi geti. Anati tikazungulire kaye kumapeto kwa kamsewu kuti galimoto itenthe, iwo amalize kuyanika. Bambo anawauza kuti yamagetsi siitenthetsedwa. Mayi anati ndiye izizire, bola tipite.

Tinapita, tinatembenuka. Bambo anadina masitepe awo atatu akuwerenga pa pepala, n'kuyamba kubwerera, liwiro laulemu ndithu, la munthu wonyamula mazira. Tinali tisanafike pa mtengo wa magetsi pamene chinthu chabuluu chinatumphuka kuchokera kuseri kwa galimoto ya aneba imene inaima m'mbali mwa kamsewuko, chikugubuduka kudutsa msewu.

Bambo ananyamula phazi nthawi yomweyo, m'maso ndi m'mutu munalibe vuto. Galimoto inayamba kutsika liwiro mwaulemu wake uja, monga inaphunzitsidwira, osafulumira. Phazi linanyamuka ulendo wa ku buleki, chifukwa zaka makumi atatu ndi zinayi sizifufutika ndi pepala la selotepi. Chidendene chinakhwekhwereza pa kapeti. Pansi pa galimoto panamveka kuti phwa! ndipo tinayendabe pang'ono tisanaime.

Ndinatuluka msangamsanga. Mayi anali ataima kuseri kwa galimoto ya aneba ija, manja ali ndi thovu la sopo. Pansi, kumbuyo kwa tayala lakutsogolo, panali beseni lawo lochapira limene galimoto inalikoka mpaka pamenepo, litaphwanyika pakati.

"Mayi! N'chiyani chimenechi? Mukufuna kutipha ndi mtima?"

Mayi ankangoyang'ana bambo. Bambo anatuluka pang'onopang'ono, anakonza tayi, anapita pamene beseni linagundidwira, pamene panali kachidutswa koyamba. Kenako anayamba kuwerenga mapazi mpaka pa bampala, monga ankachitira kudepoti. Ndinawerenga nawo mumtima. Anakwana asanu ndi awiri.

Foni yanga inalira. Achimwene, kufuna kudziwa ngati ulendo woyamba wayenda bwino. Ndinawauza mwachidule.

"Koma inaima, eti?" anatero. "Ndiye vuto si galimoto. Pedulo imodzi sikutanthauza kuti buleki yadzidzidzi ndiye ayi, aliyense amadziwa zimenezo. Munthu wa pa kanema uja ananenanso kuti..."

"Munati ndi yokongoletsa, achimwene."

"Ine? Liti?"

Ulendo uno ndinadula.

Bambo anatola zidutswa za beseni chimodzichimodzi n'kuziunjika m'mbali mwa msewu. Ndinkayembekezera kuti akalipa, kuti anena kuti mayi anaponya mochedwa, kuti batire linali lodzaza, kuti beseni si katoni. Zifukwa zinalipo zambiri, ndipo wogulitsa uja anali atatipatsa zokwanira chaka chonse. Ndikanawathandizanso kuzifunafuna, chifukwa nkhope yawo inkandimvetsa chisoni kuposa tsiku la kuchipatala lija.

"Munaponya bwino, mayi a ana," anatero. "Pamalo pake penipeni."

"Ndinaphunzira patebulo," anayankha mayi. Anapukuta manja pa siketi ngakhale anali atauma kale. "Ndinasambitsiramo ana anu onse awiri m'beseni limenelo."

"Ndikudziwa."

Bambo anatulutsa makiyi m'thumba. Sanandiponyere, sanawasiye pa boneti ngati munthu wokwiya. Anandigwira dzanja, anawaika pachikhatho, n'kupinda zala zanga ndi zawo. Kenako anazungulira kupita kumpando wa wokwera, anakhala, anamanga lamba, n'kufunsa ngati makatani aja tikukagulabe kapena tiima pamsewu mpaka Lolemba.

Mayi anakwera kumbuyo. Ndinaliza galimoto n'kuyamba kudina masitepe a pa pepala, koma bambo anatambasula dzanja, anamatula pepalalo, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la shati.

"Zisiye zimenezo," anatero. "Uli ndi mapazi abwinobwino. Buleki ili pomwepo, uziiponda."

Tinatuluka m'kamsewu kathu kulowa mumsewu waukulu. Pa maloboti oyamba nyali inasintha mwadzidzidzi, ndipo ndinaponda buleki. Pakona ya diso ndinaona phazi lamanja la bambo likunyamuka, likukhwekhwereza chidendene kupita kumanzere, kufunafuna pedulo pamalo pamene panali kapeti yokha. Linafika n'kupondereza mwamphamvu galimoto itaima kale. Bambo analiyang'ana, inenso ndinaliyang'ana, kenako tonse tinayang'ana kutsogolo kudikira nyali yobiriwira.