Zondiwe Wawoloka Mtsinje?

Twambilile ankasita yunifomu kunyumba kwake ku Handsworth, ku England, pamene foni inalira. Anali Chawe, mnzake wa kuntchito ku care home, nyumba yosamalira okalamba, ya ku Tipton.

"Asisi, agogo anu aja atisiya m'mawa uno."

Anaimika ayironi. Bambo Whitlock, mzungu wa zaka 101, adatsogolera asilikali a ku Nyasaland pankhondo ya ku Burma. Mutu utasokonekera, Chingerezi chidawathawa, n'kutsala ndi Chinyanja chakunkhondo. Tsiku lililonse ankamugwira dzanja Twambilile n'kumufunsa za mmodzi mwa asilikali awo aja.

"Zondiwe wawoloka mtsinje? Ndamusiya kutsidya, Ajapani amuwombera mwendo."

"Sindikumudziwa, agogo. Imwani mankhwala, ena akundidikira."

Chaka chonse yankho linali lomwelo. Dzulo lomweli, ali m'basi, Twambilile adaganiza zoti lero akangowanamiza kuti Zondiwe wawoloka, mtima wawo ukhale pansi.

"Ananenapo kanthu?" anafunsa Twambilile.

"Funso lomwe lija. Koma amene anali pa shifiti ndi Jade, mzungu uja. Anangomva dzina la Zondiwe, zinazo sanamve n'komwe."

"Mum, where's my tie?" anakuwa mwana wake kuchipinda.

"Maso uli nawo, funa wekha!"

Anatenganso ayironi. Kolala inali ikadali ndi makwinya, ndipo shifiti inali ya thu koloko.