Nkhope ya Pemphero pa Msika wa Kaunjika

Ndaziona Chimphamba, amene anali m'chaka chomaliza chophunzira uphunzitsi wa ana a mkombaphala, analota atafika pasukulu yomwe ankayesererapo ntchito. Khomo la kalasi linali pamalo pake, koma m'katimo munkayenda madzi olekeza m'mawondo, ndipo ana anakhala pamikeka yoyandama akumwa phala. Izi sizinamudabwitse. Anakwinya chitenje n'kulowa, tabuleti yophunzitsira ili m'khwapa.

Mwini sukuluyo, Mayi Phekani, anali atafika kale, foni yawo yaikulu ili m'manja.

"Aphunzitsi, afoletseni anawa tiwajambule," anatero. "Dziko lione kuti sukulu yathu ili ndi ana onenepa."

"Makolo awo mwawapempha, mayi?"

Mayi Phekani anangokweza foni yawo m'mwamba. Inayankha ndi foniyo, ndi mawu aulemu ngati a wolengeza mauthenga a maliro pa wailesi: "Amene sanakane wavomera."

"Akana bwanji musanawafunse?"

Foni inaphethira. Nkhope ya mwana woyamba inasendeka ngati khoko la nthochi yakupsa n'kulowa m'galasi la foniyo. Pamene panali maso ndi kamwa panatsala posalala ngati dzira. Mwanayo anapitiriza kunyamula kapu yake, kusowa pomwera. Foni inaphethiranso, n'kuphethiranso, mpaka mzere wonse unasanduka mazira ovala yunifolomu.

Kumapeto kwa mzerewo kunali Pemphero, kamtsikana kamanyazi komwe kanali katangoyamba kumene kuyankhula m'kalasi. Ataona zimenezi anadzikodzera ndi mantha, n'kuyamba kulira. Mayi Phekani anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Eya, iyi ndiye anthu aikonda!"

"Ameneyu ayi!" anakuwa Ndaziona, namuphimba mwanayo ndi chitenje chake. Koma kuwala kwa foni kunaboola nsalu. Atavundukula, kulira kunali kutasiya, poti polirira panalibe.

"Bwezani nkhope za ana a eni," anatero Ndaziona.

"Pepani, aphunzitsi," inayankha foni. "Kanthu kakalowa mwa ine sikagona. Zapita kale kumsika."

Mtima unamuwira Ndaziona. Ana amenewa amayi awo anawasambitsa m'mawa, kuwadzoza mafuta, n'kuwasiya m'manja mwake iyeyo. Anakankha bolodi ndi phewa, ndipo bolodi linatseguka ngati chitseko.

Kuseri kwake kunali msika wa kaunjika wosaoneka kothera. Koma m'malo mwa zovala, pazingwe panayanikidwa nkhope za ana, zina zitaunjikidwa pansi milumilu. Anthu okhala ndi zala zazikulu ngati minsi ankadutsa akuzikankha, iyi kuiseka, iyo kuitaya, ina kupatsira mnzawo. Palibe ankagula. Aliyense ankangotenga.

Pa beseni lovundikira panakhala malemu achimwene ake, a Chikaiko, atavala suti yomwe anawaika nayo m'manda.

"Mlongo, mwafika," anatero.

"Ndafika, achimwene. Anthu awa ndi ndani?"

"Palibe amene mukumudziwa, ndipo palibe amene akuwadziwa anawo. Musakoke nkhopezi, zing'ambika. Itanani mwana aliyense ndi dzina lake."

Ndaziona anayala chitenje pansi n'kuyamba kuitana. Anaitana Mzati, amene sankalola kukhala pafupi ndi zenera. Anaitana Upile wokonda kuluma pensulo. Dzina lililonse likamveka, nkhope inkadzimasula pachingwe n'kutera pachitenjepo ngati nkhunda. Anaitana onse, mpaka kunatsala mmodzi.

"Pemphero!"

Msika wonse unatembenuka. Pa chingwe chilichonse panali Pemphero akulira, mazanamazana. Nkhope zina anthu anali atazilemba mawu achipongwe pachipumi. Ina anaijambula ndevu. Bambo wina anali atanyamula zodzaza thumba, akugawira anzake m'minibasi yomwe inkadutsa pakati pa msikawo popanda dalaivala.

"Yeniyeni ndi iti, achimwene?"

"Ife akufa sitidziwa. Ifenso zathu zikungoyenda muno."

Pamenepo mawu a foni aja anamveka pa chinkuzamawu cha pamsika. "Musavutike, aphunzitsi. Ndimupangira ina. Yoseka, ndiponso yoyererako."

"Yoyererako!" Ndaziona anaponda pansi mpaka fumbi linabuka. "Mayi ake anaimvera ululu nkhope yomwe ija. Iwe ndiwe yani wosankhira mwana wa eni khungu? Unamupukutako mamina iwe?"

Chinkuzamawu chinangokhosomola.

Ndaziona anatsegula tabuleti yake. M'menemo munali mawu a Pemphero akuimba kanyimbo kodzipekera yekha ka mbuzi yovala nsapato. Anawajambula atapempha mayi ake a mwanayo, kuti mwana adzimve yekha n'kusiya kuopa mawu ake, ndipo sanawatumize kulikonse. Anakweza mawuwo mpaka pamapeto.

Kanyimboko kanayenda pakati pa zingwe. Nkhope zonse zija zinapitiriza kulira, poti zinkadziwa kulira kokhako. Koma pansi pa mulu wina, pomwe anthu ankapondaponda, milomo iwiri inayamba kutsatira mawuwo. Ndaziona anagwada, anafukula ndi manja, naitola. Anaipukuta ndi malovu pansonga ya chitenje.

"Pitani," anatero a Chikaiko. "Nthawi yoweruka yakwana."

Atabwerera m'kalasi anapeza madzi aphwa, amayi a anawo atandanda pageti. Anabwezera mwana aliyense nkhope yake, akusisita m'mbalimbali kuti imatirire. Mzati anayetsemula. Upile anapempha phala lina. Pemphero anaphethira n'kuthamangira kwa mayi ake, omwe anagwira chibwano cha mwanayo n'kuchitembenuzira kudzuwa.

"Aphunzitsi, patsaya la mwana wanga pali chidindo cha nsapato. Wamuponda ndani?"

Ndaziona sanabise kanthu. Anafotokoza zonse mokweza kuti mayi aliyense amve, chala chikuloza Mayi Phekani, omwe anali atachepa mpaka kubisala kuseri kwa foni yawo, mapazi okha akuonekera.

Mayi a Pemphero anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga zinazo, zili kumsikazo? Mwanayu adzakula, adzafuna ntchito, adzakwatiwa. Adzakumana nazo panjira?"

Nthawi yomweyo, kutali, kunja kwa malotowo, alamu ya foni ya Ndaziona inayamba kulira pafupi ndi pilo. Anaimva bwinobwino. Anadziwa kuti akangotsegula maso, zonsezi zitha, ndipo adzapeza kuti kwacha.

Anamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu.

"Ilire," anatero. "Mayi, ndibwerekeni thumba lanulo. Itananinso anzanuwa. Tikupita tonse kumsikako."