Chingwe cha Aphunzitsi Carolina

Ine ndimaphunzitsa kalasi yoyandikana ndi ya aphunzitsi Carolina ku Majaua, ndipo khoma lathu ndi lansungwi, choncho zawo ndimazimva zonse. Mayi ameneyu ndimamusirira, nthawi zina mpaka kachinsanje.

Tsiku lophunzitsa magawo anabwera ndi nzimbe ziwiri zotalika mofanana. Ina anaidula pakati, inayo anaidula panayi. Theka anapatsa Kátia, tizidutswa tiwiri n'kupatsa Fanny, mwana wa amayi ake aang'ono a Kátia yemweyo.

"Wadyerera ndani?" anafunsa kalasi.

Ana onse analoza Fanny. Kátia anaponya nzimbe yake pansi.

"Apulofesola, nanunso? Kumunda kwa malemu agogo anatero. Amayi anawapatsa ndime imodzi, amake Fanny ziwiri."

Nkhaniyo mudzi wonse unkaidziwa. Chigawireni mundawo, amayi awiriwo, obadwa bere limodzi, sankapatsana moni ngakhale pachitsime. Ine ndikanamukalipira mwanayo n'kupitiriza phunziro. Carolina anangotola nzimbeyo n'kumuuza kuti aigoneke pambali pa tizidutswa ta Fanny. Zinathera pamodzi ndendende.

"Theka ndi magawo awiri mwa anayi n'chimodzimodzi," anatero. "Kuchuluka kwa zidutswa sikunena kukula."

"Ndiye kuti mundanso ndi wofanana?" anafunsa Kátia.

"Sindikudziwa, mwanawe. Sindinauyeze."

Loweruka Carolina anakwera njinga kupita kumundako atamanga chingwe cha mbuzi pakaliyala, ine ndili pambuyo, kunena zoona kukaonera mkangano. Anayamba wapempha chilolezo choyeza kwa amalume a banjalo, amene anagawa mundawo, ndipo anavomera mwamsanga poti nkhaniyi inali itawatopetsa. Ndime ya amake Kátia inali yotambalala. Za amake Fanny zinali ziwiri zopyapyala, zolekanitsidwa ndi ngalande. Kátia ndi Fanny anayala chingwe m'litali ndi m'lifupi, amayi awo ataima patali, aliyense manja m'chiuno.

Ndime ziwirizo ataziphatikiza zinangotsala pang'ono kufanana ndi yaikuluyo. Amake Kátia sanakhutire. Analanda nsonga ya chingwe kwa mwana wawo kuti ayeze okha, koma munthu sayeza munda yekha. Chingwe chinangoti lende m'mizere, ndipo Carolina analetsa ana ndi diso kuti asachikhudze.

Tinadikira. Kenako amake Fanny anawerama n'kutola nsonga inayo.

"Kokani bwino, achemwali," anatero. "Chakhota."