Asintha Chida Chomangira Osatifunsa

1.
Asintha.

2.
Ndine Zione, wa ku Zomba. Ndimalemba nawo pulogalamu yaulere imene imauza anamwino tsiku loti mwana adzabayitsenso katemera. Tilipo anthu makumi awiri, omwazikana m'maiko, aliyense amathandiza mwa kufuna kwake. Tikalemba khodi, malangizo a pulogalamuyo, pamafunika chida choimanga kuti isanduke chinthu cholowa m'tabuleti, kakompyuta kam'manja ka anamwino. Chida chakale chinali chachikale ndithu, sindikana, koma chinkamanga pa laputopu yanga yomata ndi selotepi, popanda intaneti, batire ili pafupi kufa. Lolemba ndinapeza achichotsa, aikapo chatsopano.

3.
Sisitala Nachisale, a pachipatala chaching'ono kuseri kwa phiri, pafoni.
Achemwali, kanthu kanu aka kakudumpha katemera wa masabata khumi. Kakumawauza amayi kuti adzabwere pa masabata khumi ndi anayi.
Ndaona, Sisitala. Ndakonza kale, unali mzere umodzi wokha.
Nanga zokonzazo zili kuti?
Ndingomanga, ndiike pa fulashi. Galimoto ya mankhwala ikamabwera kwanuko Lachisanu ndimupatsira dalaivala.
Lachisanu lomweli. Mukaiphonya ndi mwezi wamawa.

4.
Henrik, wotsogolera gulu lathu, akulemba ali kwawo ku Ulaya.
N'chosavuta, Zione. Chimangotenga mphindi zisanu.

5.
Zimene chida chatsopano chimafuna chisanagwire ntchito:
intaneti yosadukiza
magigabaiti atatu oti chikoke
laputopu yogulidwa dzana
magetsi
magetsi
munthu wokhala kwina.

6.
Lachiwiri chinakoka mpaka 41 peresenti magetsi n'kuthima, Lachitatu ndinakwera kabaza kupita kuntchito kwa mlamu wanga kumene kuli waifai ndipo ndinakhala pakhonde laputopu ili pamiyendo ngati wodikira ganyu, mlonda akundiyang'ana, dzuwa likundiwotcha mapazi, chinafika pa 78 netiweki n'kuphethira kamodzi kokha, kamodzi, chida n'kuyambiranso pa ziro chifukwa amene anachipanga sanamvepo kuti chinthu chimatha kuduka pakati, Lachinayi chimodzimodzi, ine ndi mzere wanga umodzi wokonzakonza umene sungathe kuyenda makilomita makumi atatu

7.
Chimangotenga mphindi zisanu.

8.
Iwe Henrik, mphindi zako zisanu zandidyera masiku atatu. Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mumakhala m'zipinda zoziziritsa n'kumasintha zinthu chifukwa zakale zakutopetsani maso. Mumatitcha ogwiritsa ntchito a kumadera ovuta, mumaika zithunzi zathu patsamba loyamba, koma kutifunsa ayi. Munatifunsa?

Ndinamulembera zimenezi, nditachotsako mawu awiri.

9.
Henrik anayankha mofatsa, ndipo kufatsako kunandipsetsa mtima koposa.
Pempho losintha chidachi lakhala poyera zaka ziwiri. Lamulo lathu ukulidziwa: wosatsutsa wavomera. Anatsutsa munthu mmodzi yekha, ndipo anayankhidwa.

10.
Lachisanu.
Dalaivala analiza hutala kawiri pageti. Ndinatuluka chimanjamanja, n'kupukusa mutu. Galimoto inapita.

11.
Sisitala Nachisale sanakalipe. Bola akanakalipa.
Basi, tibwerera ku buku lathu la pepala. Koma amayi makumi atatu apita kale ndi tsiku lolakwika. Ena ndi a kutsidya kwa mtsinje, alibe foni. Ndiwapeza bwanji, achemwali?


12.
Ndani anayambitsa zimenezi. Ndimufuna ndi dzina lake. Ndimulembera poyera, gulu lonse liwerenge, adziwe kuti kuseri kwa phiri kuli ana makumi atatu amene achedwa katemera chifukwa cha nzeru zake.

13.
Ndinatsegula pempho lija, nambala 212. Tisinthe chida chomangira, chakalechi chikutichititsa manyazi.
Wolemba: zione.
Tsiku lake ndi la chaka chija ndinali ku Ulaya pa maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi, m'chipinda momwe intaneti inkangotuluka ngati madzi a pampopi. Ndinalemba, ndinabwera kumudzi, ndinaiwala.

Pansi pake pali wotsutsa uja. Lusayo, wa ku Karonga, amene ankathandiza zipatala zitatu za kwawoko.
Achemwali, kuno sizitheka. Netiweki yathu mukuidziwa.

Yankho langa lidakalipo, ndi zala zisanu ndi ziwiri zoloza kumwamba za anthu ogwirizana nane.
Tisabwezere gulu lonse m'mbuyo chifukwa cha munthu mmodzi.

Ndinatsegula dzina la Lusayo kuti ndione zimene walemba kuchokera tsiku limenelo. Palibe.