Mwaye wa M'chikombole cha Bambo

Ndinagogoda chikombole ndi kamtengo, koma chipolopolo chinangokakamira momwemo. Ndinachikolokosa ndi mpeni mpaka chinatuluka chopunduka, chamakwinya okhaokha. Ndinachibwezera m'chitini momwe mtovu unkasungunuka pamakala.

A Djigui, mkulu wa alenje, anali atakhala pamtondo akutafuna mtedza wa kola.

"Mwana wa Namory, ukuumba zipolopolo kapena ndowe za mbuzi?"

Sindinaseke. Poimirira anandikumbutsa zomwe ndinkazidziwa kale. M'mawa mwake alenje anali oti atuluke ulenje wotsanzikana ndi bambo, ndipo mfuti ya gogodela ya malemuyo inkayenera kulira ndi chipolopolo cha m'chikombole chawo, choumbidwa ndi mwana wawo. Chikanapanda kupezeka, mfutiyo ikanapita kwa alenje osabwereranso kwathu. Ine ndinali nditasiya koleji ku Kankan tsiku lomwe uthenga wa maliro unandipeza, ndipo m'nyumba monse chinthu chomwe chinkanunkhabe thukuta la bambo chinali mfutiyo.

Chikombolecho chinkanyezimira ngati chatsopano. Azakhali, potsuka zinthu za malemu monga mwa mwambo, anali atachikwecha ndi mchenga.

Amayi anatuluka m'khitchini ali m'nsalu yawo yoyera ya maliro. Anachitenga, n'kuchitembenuza.

"Chayera bwanji. Mwini wake sakanachizindikira."

Anandiuza kuti tsiku lililonse loumba zipolopolo bambo ankabwera kudzabwereka nyale dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala nayo pakhomo la khitchini, chikombole chili m'manja.

"Ine ndinkati akungofuna chonamizira kuti azindiyang'ana," anatero. Anaseka pang'ono, kuseka kwawo koyamba chiikireni maliro. "Mwina zinali zonse ziwiri."

Anayatsa nyale ija, natukula chingwe mpaka inayamba kufuka. Ndinatsegula chikombole n'kuchigwira pamwamba pa utsi. Mwaye unalowa mwakachetechete, n'kuyala m'kati monse, wofewa ngati ubweya wa mwana wa mbuzi. Ndinachitenthetsa pamakala, ndinathira mtovu, ndinadikira kuti uume. Ndinali ndisanatole n'komwe kamtengo kaja pomwe ndinatsegula.

Chipolopolo chinagwa chokha. Chinagwera m'phulusa, chosalala, chowala ngati diso la mbalame. Ine ndi amayi tinangochiyang'ana, ngati kuti munthu wina walankhula pabwalopo.

"Lansine, taona manja ako," anatero amayi motsitsa.

Zala zanga zazikulu zinali bii. Zala za bambo, zakuda chomwechi, ndi zomwe zinkandidetsera kolala ya yunifomu m'mawa akamandikonza popita kusukulu, ine n'kumang'ung'udza njira yonse, n'kumapukuta ndi malovu kuti anzanga asaone.

Ndinagwira phewa la amayi kuti ndidzuke, ndipo pansalu yoyera ija panatsala chidindo chakuda cha chala. Anapotoza khosi n'kuchiyang'anitsitsa. Anakweza dzanja ngati akufuna kuchisasa, koma linaima panjira, kenako anangochivundikira ndi chikhatho.